Mutu 6: Pulagi Yoyera

1. Kamba

Sabata yonse imeneyo Kasipanala sanakhale pansi. Akati adye, chakudya chinkazizira m'mbale iye ali kalikiliki kujambula mapaipi papepala. Akati asese m'galaja, tsache linkapezeka litatsamira khoma, mwini wake ali kuseri kumene ankatayako magalimoto akufa.

Dzina lakuti Kasipanala anamupatsa ndi madalaivala obwera pagalaja ya amalume ake, poti anayamba kugwira sipanala dzanja lake lisanakwane n'komwe kuifumbata. Tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, sukulu atamaliza. Injini ikangotsokomola pamsewu, iye ankatchula matenda ake isanafike pageti. Luso analidi nalo. Vuto linali lakuti mwini wakenso ankadziwa kuti ali nalo.

Chimene chinamulanda mtendere chinali chitsulo chimene anachimasula m'kagalimoto kena kogundidwa. Chinali chachikulu ngati nkhonya ziwiri, chopindika ngati chigoba cha nkhono. Amakaniko amachitcha thebo. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kagudumu ka m'kati mwake, kagudumuko n'kumakankhira mpweya wambiri mu injini, ndipo injiniyo imapeza mphamvu zimene inalibe.

Thebo anali nayo, koma poiika analibe. Ndiye Lolemba masana panalowa mchimwene wake wamkulu pa njinga yamoto, nkhope itachita tsinya.

Mchimweneyu ankanyamula katundu wa m'masitolo, ndipo njinga imeneyi inali yokhayo pabanja pawo. Inkanyamula makatoni m'mawa, matumba masana, ndipo amayi awo akafuna kupita kwina ankakwera yomweyo. Pamsewu wopanda chitunda inkayenda bwinobwino. Koma kuti munthu afike kumtunda kwa tauni, kumene kunali masitolo akuluakulu ndi chipatala, ankakwera chitunda chachitali chokhotakhota, ndipo pamenepo njingayo inkalira ngati ikupepesa. Anzake okwera njinga anaipatsa dzina lakuti Kamba.

"Lero ndiye zandikwana," anatero mchimweneyo akuvula chisoti. "Pachitunda paja wandipitirira munthu wa njinga yakapalasa."

"Yakapalasa?" anafunsa Kasipanala.

"Anagwirira kumbuyo kwa lole, koma kundipitirira wandipitirira, mpaka kundibayibitsa. Ndafika pamwamba anyamata onse akuomba m'manja, ati Kamba wafika, tiyeni tiziweruka."

Kasipanala anaseka, koma maso ake anali pa injini, akuyeza malo amene anali pansi pa thanki.

"Achimwene, mukandisiyira njingayi masiku atatu, okusekaniwo azidzangoona nambala yanu yakumbuyo."

"Uichita chiyani?"

"Ndiipatsa mapapo ena."

2. Mawu a amalume

Amalume awo anali pansi pa galimoto ina, miyendo yokha ikuoneka, koma makutu awo sankagona. Anatuluka pang'onopang'ono, n'kupukuta manja amene anali ndi zipsera za zaka makumi anayi za ntchito.

"Bwera nacho kuno chitsulo chakocho," anatero.

Kasipanala anakatenga thebo ija. Amalume anazunguza kagudumu kake ndi chala, anamvetsera, kenaka anakhala pa tayala lakale n'kumuloza kuti nayenso akhale.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Thebo si mankhwala a ulesi wa injini. Injini ili ngati munthu waganyu, ukamuwonjezera ntchito umuwonjezerenso chakudya. Mpweya ukachuluka, petulo naye achuluke. Ukaipatsa mpweya wokhawokha, kuthamanga ithamanga ndithu, iwe n'kumasangalala, koma m'kati ikupsa ndi njala. Pisitoni, ija imakwera ndi kutsika m'katimo, imafufuma ndi kutentha, imakanirira m'chibowo chake, ndipo zonse zimaima nthawi imodzi.

"Zikatero pagalimoto, umangopatukira pambali n'kuyamba kudandaula, poti uli ndi matayala anayi. Zikatero panjinga, tayala lakumbuyo limauma gwa iwe uli paliwiro. Njinga imaima, koma thupi lako palibe waliuza kuti ulendo watha, limapitirira lokha. Ndinatolapo mnzanga pamsewu ndi manja angawa, ndipo sindifuna kutolanso wina.

"Chinanso, ka injini aka n'kakang'ono. Kalibe madzi okaziziritsa, kamadalira mphepo basi. Amene anakapanga sanali opusa ayi. Anakapatsa pisitoni yolingana ndi mphamvu zake, ndi mabuleki olingana ndi liwiro lake. Iwe ukufuna kuveka mwana nsapato za abambo ake, n'kumuuza kuti athamange."

"Koma ena amaika, amalume," anatero Kasipanala. "Ndinaonera pafoni."

"Amaika, sindikukana. Koma pafoni amakuonetsa tsiku limene yathamanga. Sakuonetsa miyezi imene anakhala akuyesa, ndi mapisitoni amene anasungunula asanafike pa tsiku limenelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndi chida chokhacho chimene mulibe m'bokosi mwakomo."

Mchimwene uja anaseka. Amalume atamuyang'ana, kusekako kunasanduka chifuwa.

"Kuphunzira sindikukuletsa," anapitiriza amalume. "Manga, uyesere mumsewu wakuseriwu. Koma lamulo langa ndi limodzi. Ukaiyendetsa, umasule pulagi, uione kunsonga kumene imayatsira moto. Pulagi sinama. Ikakhala yofiirira ngati buledi wopsa bwino, injini ikukhuta. Ikakhala yakuda, wachulutsa petulo, ndipo palibe amafa nazo zimenezo. Koma ikakhala yoyera ngati choko, injini ili ndi njala, ndipo njingayo isatuluke pageti ili ngakhale kubwere ndani. Pulagi imeneyo ndidzaione ine ndi maso angawa. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Kumva anamvadi, koma ndi khutu limodzi. Linalo linali litayamba kale kumva njinga ikulira pachitunda, anyamata aja atatsala m'mbuyo.

3. Masiku atatu

Kuyambira Lachiwiri m'mawa ngodya imodzi ya galaja inasanduka ya Kasipanala. Anamasula paipi ya utsi. Anasuntha kabuleta, kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Anakoka kapaipi ka oyilo kuchokera mu injini kupita ku thebo. Zala zinachekeka, ovololo inada mpaka kuiwala mtundu wake, koma iye sanamve kanthu.

Mapaipi ankakalumikizitsa kwa wowotcherera zitsulo woyandikana nawo, amene aliyense ankamutcha Mbaliwali. Mbaliwali anali munthu wosakana ntchito ndiponso wosatsutsa munthu, makhalidwe awiri amene akakumana mwa munthu mmodzi amabweretsa mavuto.

"Mundiwotcherere apa, apa ndi apa," anatero Kasipanala.

"Chimenechi chikhala ndege kapena?"

"Wotchererani kaye, muona."

"Ine zanga n'kulumikiza," anatero Mbaliwali akutsitsa galasi lake lakuda kumaso. "Zikalekana pamene ndalumikiza ine, ubwere. Zikalekana pena, sindikudziwa."

Mchimwene uja anabwereka njinga yakapalasa kuti ntchito isaime, ndipo ankatulukira pagalaja ola lililonse, thukuta lili kamukamu.

"Yatha?"

"Mukandifunsa kakhumi sindiye kuti itha msanga."

"Eni masitolo akundifunsa ngati Kamba wamwalira. Wina wayamba kale kutuma munthu wina. Lachisanu ndikufuna njinga yanga, kaya ili ndi mapapo anayi kaya ilibe n'limodzi lomwe."

Lachinayi masana amayi awo anabweretsa chakudya. Anaima pakhomo la galaja n'kuyang'ana njinga ija ili mbwee, matumbo onse ali pansi.

"Kodi njinga ija mwaipha?"

"Tikuichiritsa, amayi."

"Imadwala chiyani? Ine imandifikitsa kulikonse kumene ndikufuna. Kuchedwa ndimachedwa, koma ndimatsika ndi miyendo yanga yonse iwiri." Anaika mbale pa benchi n'kupitiriza. "Ana inu mumadana ndi chinthu chimene chikugwira ntchito yake mwakachetechete. Mumafuna chilichonse chizikuwa kuti anthu acheuke. Anzako akakuseka kuti ukuchedwa, kusekako sikukuthyola fupa. Aleke aseke, mano ndi awo. Ine ndakalamba chonchi anthu akundiseka zambirimbiri, ndipo ena mwa osekawo ndinakawaperekeza kumanda."

"Amayi, inu mudikire mawa," anatero Kasipanala, mutu uli pansi pa thanki.

"Mawa ndi lako, mwanangu. Ine ndangoti udye chisanazizire."

Amalume ankadutsa, kuyang'ana, n'kumapita. Kamodzi kokha anagogoda kapaipi ka oyilo ndi chikhadabo n'kunena kuti, "Apa padontha." Ndipo panadonthadi, moti Kasipanala anataya theka la tsiku akukonza pomwepo.

4. Lachisanu m'mawa

Lachisanu m'mawa amalume anaitanidwa kuti akadzutse lole imene inafera kumsika. Ananyamula bokosi lawo la zida n'kunena kuti abwera dzuwa lisanafike pamutu.

Kasipanala anamanga nati yomaliza, anathira petulo, n'kuponda chitsulo cholizira. Koyamba njinga inangotsokomola. Kachiwiri inayetsemula utsi wakuda. Kachitatu inadzuka.

Anavala chisoti cha mchimwene wake n'kulowa mumsewu wakuseri, wowongoka, wopanda chitunda, wodutsa pakati pa nyumba zosungiramo katundu. Giya yoyamba, Kamba yemwe uja. Giya yachiwiri, Kamba yemwe uja. Mtima unamugwa, poti anadziwa kuti pageti pali maso.

Atalowetsa yachitatu anapotokola mafuta mpaka kumapeto. Pansi pa thanki panamveka kamluzu, koyamba kapansipansi, kenaka kokwera. Mwadzidzidzi njinga inamukankha kumsana, makoma n'kuyamba kuthawira kumbuyo. Misozi ya mphepo inatsikira m'makutu, ndipo mtsikanayo anaseka yekha m'chisoti.

Anabwereza kachiwiri, n'kubwerezanso. Ulendo wachitatuwo anamva kaphokoso kena m'kati mwa injini, ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini. Kutentha kunkamuwotcha miyendo ngakhale anali m'ovololo.

Pobwerera anapeza pageti padzaza anthu. Panali Mbaliwali, panali omata matayala, panalinso ena mwa anyamata a njinga amene ankaseka mchimwene wake. Mmodzi wa iwo anavula chipewa.

"Asisi, yanga muyamba liti?"

"Ukhale pamzere," anayankha mchimwene uja, chifuwa chili patsogolo ngati wamanga ndi iye. "Ameneyu ndi mlongo wanga, bere limodzi."

Kasipanala anakankhira njinga m'galaja, ati izizire. Anthu anatsala panja akumvetsera mchimweneyo, amene nkhani yake inkakula ulendo uliwonse akaibwereza. Mtsikanayo anatenga sipanala ndi kansanza, n'kumasula pulagi.

Inali yoyera. Osati yotuwa pang'ono yoti munthu n'kudzinamiza nayo, koma yoyera mbee ngati choko chatsopano. Kunsonga kwake kunali timadontho tonyezimira ngati mchenga, ndipo Kasipanala anadziwa kuti timeneto tachoka pa pisitoni.

Mankhwala ake ankawadziwa, kapena tinene kuti ankayesa kuti akuwadziwa. M'kabuleta muli kamkuwa kakang'ono kotchedwa jeti, kokhala ndi kabowo kodutsira petulo. Atakulitsa kabowoko, injini ikanayamba kudya zambiri. Inali ntchito ya ola limodzi. Koma amalume akanaona pulagi imeneyi sakanamva za ola limodzi. Akanalamula kuti zonse zimasulidwe, anthu onse aja akuonerera.

Panja wina anayamba kuimba mluzu motsanzira thebo, anzake n'kufa nacho chiseko. Kasipanala anachita manyazi ndi chinthu chimene chinali chisanachitike n'komwe.

Pashelefu panali chitini cha mapulagi akale ochotsedwa m'njinga za anthu. Anavundula m'menemo, anasankha imodzi yofiirira bwino, n'kuimanga mu injini. Yoyera ija anaiponya m'thumba la pachifuwa la ovololo. Inali ikadali yotentha, ndipo inamuwotcha, koma sanaichotse.

5. Dzanja la amalume

Amalume anafika anthu asanabalalike. Mchimwene uja anawathamangira ndi nkhani yonse, manja ali m'mwamba, koma iwo anangomudutsa n'kutambasula dzanja kwa Kasipanala.

"Sipanala ya pulagi."

Anamasula okha. Anapita nayo pakhomo pamene panali dzuwa, anavala magalasi awo omangidwa ndi waya, n'kuitembenuza uku ndi uku. Anthu onse anasendera pafupi.

"Yofiirira," anatero pomaliza.

Anaimanganso m'malo mwake, anapukuta manja, n'kuima kutsogolo kwa mtsikanayo.

"Mwana wa mlongo wanga, ndinakuderera. Ndimayesa ndipeza choko, ndipo mawu okudzudzula ndinali nditawakonza kale m'njira monse. Munthu wamkulu akalakwa amavomera. Ntchito iyi ine pa msinkhu wako sindikanaitha. Njinga itha kutuluka."

Kenaka anamugwira chanza pamaso pa anthu onse. Chiyambire kugwira sipanala, Kasipanala anali asanalandirepo dzanja limenelo. Analilakalaka zaka zambiri, ndipo lero litabwera linamulemera. Anafuna kuwauza zoona. Anachita mantha, koma anamwetulira, poti anthu ankaomba m'manja.

Anthu atayamba kuchoka, anakokera mchimwene wake pambali.

"Achimwene, musaitenge kaye. Pali kanati kena ndikufuna ndimangitse."

"Kanati kanji? Amalume avomera kale."

"Ola limodzi lokha. Mundidikire."

"Chabwino, fulumira," anatero mchimweneyo. Koma ankapukuta thanki ndi malaya ake, akudziyang'anira pomwepo, ndipo mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Kasipanala anathamangira kwa Mbaliwali kukabwereka kachitsulo koboolera, kochepa ngati singano. Mbaliwali anakhuthula chitini choyamba, chachiwiri, chachitatu, akufotokoza mbiri ya chitsulo chilichonse chimene chagwa. Pomaliza anakumbukira kuti kakeko kanathyoka chaka chatha.

"Pita kwa wokonza mawotchi kuseri kwa msika. Amene uja ali ndi tizitsulo toboolera ngakhale tsitsi."

Wokonza mawotchi anali mkulu wochita chilichonse modekha, ngati kuti nthawi yonse ya m'mawotchi akewo ndi yake. Anayamba wafunsa kuti mtsikanayo ndi mwana wa yani. Anafunsanso ngati amalume ake bondo lija linasiya kuwavuta. Kasipanala ankaima ndi mwendo uwu, n'kusinthira winawo, maso ali pa mawotchi a pakhoma amene iliyonse inkanena nthawi yakeyake. Atalandira kachitsuloko sanatsanzike n'komwe bwino, anangoliyatsa liwiro.

6. Pamene panali njinga

Pangodya paja panalibe njinga. Panatsala dontho la oyilo pasimenti ndi kansanza kaja. Amalume anali atabwerera pansi pa galimoto, akuimba mluzu, chinthu chimene ankachita kamodzi pachaka.

"Amalume, njinga ili kuti?"

"Yapita kukagwira ntchito yake," anayankha ali pansi pomwepo. "Amayi ako anabwera. Lero ndi tsiku lawo lokatenga mankhwala kuchipatala, ndipo basi aidikira mpaka miyendo kutopa. Amakana kukwera, ati chinthucho chikulira ngati njoka. Ndawauza ine kuti kwerani mlongo wanga, pulagi ndaiona ndi maso anga."

Kasipanala anaika kachitsulo koboolera kaja pa benchi. Njingayo anaiyesa ali yekha, pamsewu wopanda chitunda, kwa kanthawi kochepa. Tsopano inanyamula anthu awiri, ikukwera chitunda chachitali, mafuta atapotokoledwa mpaka kumapeto. Pamenepo m'pamene thebo imakankha mpweya wochuluka kuposa pena paliponse.

Anaimba foni ya mchimwene wake. Inalira pafupi, m'jekete imene inapachikidwa pamsomali. Anaimba ya amayi ake. Inaitana mpaka kuduka, poti ankaisunga pansi penipeni pa chikwama.

Anapisa dzanja m'thumba la pachifuwa, anagwada pambali pa galimoto ija, n'kutambasula dzanjalo pansi pake.

Mluzu unaleka. Amalume anatuluka, anatenga pulagiyo, ndipo ulendo uno sanafune magalasi.

"Iyi ndi ya njinga iti?"

"Ya achimwene."

"Nanga ndinaona ine ija?"

"Ya m'chitini."

Sanakalipe. Kasipanala akanakonda akanakalipa. Anangoyang'ana pageti, n'kutenga makiyi a kagalimoto kawo kakale konyamulira zida.

"Kwera."

Anatuluka pageti osatseka n'komwe galaja. Anadutsa msika, anadutsa pokwerera basi, akuliza hutala kwa aliyense wotsekereza njira. Atafika pamsewu wopita kuchitunda m'pamene anayamba kulankhula, maso ali kutsogolo.

"Kulakwitsa ntchito si mlandu. Ine ndapha injini zambiri kuposa zimene iwe watsegula. Ukanandionetsa pulagi iyi tikanakhala pansi, tikanamasula, tikanayambiranso. Anthu aja akanakuseka lero, mawa n'kupeza wina womuseka. Koma iwe wabwereka maso anga n'kunamizira mlongo wanga. Amayi ako sanakhulupirire chitsulo chija, sanakhulupirire mchimwene wako, akhulupirira ine.

"Ukudziwa chimene makaniko amapatsa munthu? Si nati, si oyilo. Ndi mawu awiri okha, akuti ili bwino. Munthu akamva mawu amenewo sasuzumiranso pansi. Amakweza mwana wake, amakweza mkazi wake, amakweza mayi ake omubereka, n'kumapita. Sadziwa pisitoni, sadziwa pulagi, amadziwa nkhope yako basi. Tsiku limene udzanene mawu amenewo ukudziwa kuti si zoona, sipanala uisiye, ukagulitse zina. Lero wandinenetsa ine mawu amenewo."

"Ndimati ndikonze asanaitenge," anatero Kasipanala.

"Aliyense amati akonza asanaitenge."

Amalume anawonjezera liwiro. Mtsikanayo anagwira chitseko ndi manja awiri, akuyang'ana njinga iliyonse imene inali kutsogolo. Zinayi anazipitirira, ndipo panalibe Kamba.

7. Pachitunda

Pakona yoyamba panalibe kanthu. Mtima wa Kasipanala unakhalako pansi. Mwina amayi ndi mchimwene wake anali atafika kale. Mwina amayi anamukalipira mchimwene uja kuti ayende pang'onopang'ono.

Pakona yachiwiri magalimoto anayamba kuyenda mochedwa, madalaivala atatulutsa mitu pawindo. Amalume anachepetsa liwiro.

Pamsewu panali mzere wakuda wa tayala limodzi. Unayamba mowongoka, unayenda mtunda wautali, kenaka unakhota n'kukathera m'ngalande. Njinga inali itagona chammbali m'ngalandemo, chiwongolero chitapindika, injini ikufukabe utsi wonunkha chitsulo chopsa. Anthu ake panalibe.

Kasipanala anatsika galimoto isanaime bwino. Pafupi panali bambo wina wokonza msewu, atavala chovala chowala, mbendera yofiira ili m'manja.

"Bambo, anthu a njinga iyi ali kuti?"

"Awanyamula pagalimoto ya munthu wina wodutsa, apita nawo kumtunda kuchipatala. Imabwera bwinobwino, ikulira mluzu, ikupitirira magalimoto. Kenaka tayala linangokuwa."

"Ali moyo?"

"Ine ndinali uko ndi mbendera, ndaonera patali. Koma mmodzi amalankhula. Amangoitana mnzakeyo, kuitana, kuitana, winayo osayankha."

Amalume anali atafika kumbuyo kwake. Kasipanala anamva mpweya wawo, koma sanathe kucheuka.

"Amaitana kuti chiyani?" anafunsa mtsikanayo. "Amati amayi, kapena amati mwanangu?"

Bamboyo anamuyang'ana nkhope, anayang'ana ovololo yake yamafuta, n'kutsitsa mbendera.

"Pamenepo ndiye sindinamve, mwanawe. Malole amachita phokoso."

Amalume anabwerera kugalimoto n'kutsegula chitseko cha mbali ya Kasipanala. Denga la chipatala linkaoneka pamwamba pa chitunda, patatsala makona atatu. Mtsikanayo anakwera, ndipo kagalimoto kakale kaja kanayamba kukwawa ndi giya yoyamba.